Phunziro: Kusintha Mtundu wa Kuwala M'chingwe cha Faiba

Uthenga wa pa WhatsApp ukachoka pa foni ya munthu ali pa Kasinje kupita kwa achimwene ake ku Johannesburg, ulendo wake wa mumlengalenga ndi waufupi: kuchoka pa foni kukafika pa nsanja ya netiweki, mwinanso kudumpha nsanja zina zingapo. Kwina konseko umayenda ngati kuwala, m'kati mwa ulusi wa galasi wotchedwa faiba. Lero tiona chinthu chimodzi cha pa ulendowu: mmene kuwala kwa mtundu wina kumasandutsidwira kwa mtundu wina uthenga uli momwemo, ndi chifukwa chake munthu angafune kutero. Tsegulani makope, muli masamu pang'ono.

Ulusi ndi kuwala kwake

Ulusi wa faiba ndi wonenepa mamaikoromita 125. Mutandanda tiulusi tisanu ndi titatu mogundana, mwangokwanitsa milimita imodzi ya pa rula yanu. Komanso kuwala sikudzaza ulusi wonsewo. Kumayenda m'kamtima ka pakati, konenepa mamaikoromita 9 okha. Sungani nambala imeneyi, tibwereranso.

Mu 1966, Charles Kao ndi George Hockham ku England anasonyeza kuti chimene chinkazimitsa kuwala m'galasi ndi zitsotso za m'galasimo, ndipo kuti galasi loyeretsedwa bwino likhoza kunyamula uthenga mtunda wautali. Kampani ya Corning ku America inapanga ulusi wotero mu 1970. M'ulusi wa masiku ano, kuwala kukayenda makilomita 15 kumakhala kutatsala theka.

Dziko lathu la Malawi lilibe gombe la nyanja ya mchere, choncho intaneti yathu imachita kudutsa kwa anansi. Zingwe za pansi pa nyanja, monga SEACOM ya mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010, zimatulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo, ndipo kuchokera m'maiko oyandikana nafe faiba imalowa kuno kudzera m'zipata monga Songwe ndi Mchinji. M'dziko muno makampani a MTL ndi SimbaNET anayala zingwe zawo, ndipo mu 2017 boma linayamba ntchito yoyala faiba m'maboma kudzera ku ESCOM, omanga ake ali a Huawei. Tsiku lina mukamapita ku Golomoti, kwezani maso pa nsanja zazitali za magetsi. Waya wa pamwamba penipeni sanyamula magetsi. Ntchito yake ndi kulandira mphezi kuti isamenye anzake. Pa mizere yambiri ya mtundu umenewu, m'kati mwa waya ameneyu ndi momwe amabisamo faiba.

Mitundu ya kuwala

Kuwala ndi mafunde, ndipo mtundu wa kuwala umadalira utali wa funde lake. Pa utawaleza, kufiira kuli pa mananomita pafupifupi 700, ndipo mbali inayo imathera cha pa 400. Apa ndi pomwe diso la munthu limalekeza. Faiba ya mtunda wautali imagwiritsa ntchito kuwala kwa pafupi ndi mananomita 1,550, chifukwa pamenepo ndi pomwe galasi limameza kuwala kochepetsetsa. Kuwala kumeneku diso silikuona, koma kumavulaza. Mukadzapeza chingwe choduka m'mbali mwa msewu, musadzasuzumire kumapeto kwake kuti muone ngati mukuwala.

Pali njira ina yotchulira mtundu womwewo: kuwerenga mafunde odutsa pa sekondi imodzi. Muyeso wake ndi terahertz, mwachidule THz, ndiko kuti mafunde 1,000,000,000,000 pa sekondi. Kuwala kwa mananomita 1,552.52 ndi kwa 193.1 THz. Funde likafupika, nambala ya THz imakwera. M'phunziro lino tidzigwiritsa ntchito THz chifukwa masamu ake ndi ophatikiza ndi kuchotsera basi.

Ulusi umodzi ukhoza kunyamula mitundu yambiri nthawi imodzi, mtundu uliwonse ndi uthenga wake, osasakanikirana. Bungwe la ITU linagwirizana kuti mitundu iziwerengedwa kuyambira pa 193.1 THz, motalikirana 0.1 THz kapena 0.05 THz. Pakati pa mananomita 1,530 ndi 1,565 pamakwana mitundu yoposa 80 ikatalikirana 0.05 THz. Njirayi imatchedwa WDM. Inafala pambuyo pa 1987, pamene gulu la David Payne ku Southampton ndi la Emmanuel Desurvire ku Bell Labs anasonyeza kuti kachidutswa ka faiba kothiridwa erbium kakhoza kuwonjezera mphamvu mitundu yonseyo pamodzi, popanda kuisandutsa magetsi.

Vuto la pa mphambano

Tiyerekeze kuti pali chingwe chochoka ku Lilongwe kufika ku Balaka, ndi china chochoka ku Balaka kufika ku Blantyre. Ichi ndi chitsanzo chabe. Pa chingwe choyamba mitundu yonse yatengedwa kupatula 193.1. Pa chachiwiri yatengedwa yonse kupatula 193.7. Banki ina ikufuna njira yakeyake kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Blantyre.

Malo alipo uku ndi uku, koma uthenga sungadutse. Kuwala konyamuka ku Lilongwe pa 193.1 kukafika ku Balaka kukadali 193.1, ndipo kutsogoloko mtundu umenewo uli ndi mwini wake. Magalasi ndi masefa a pa mphambano amatha kupatula mitundu ndi kuilozera njira, koma sangasinthe mtundu. Pakufunika chida chotenga uthenga pa 193.1 n'kuuika pa 193.7.

Njira yomwe makampani amagwiritsa ntchito lero ndi yodzera m'magetsi. Kuwala kumagwera pa kachipangizo kokusandutsa magetsi, magetsiwo amawerengedwa, kenaka amalamula laser ina ya mtundu wofunikawo. Chida chonsechi ndi transponder. Ubwino wake ndi woti uthenga umatuluka wotsukidwa, phokoso lomwe unatola m'njira litachotsedwa. Kuipa kwake ndi koti mtundu uliwonse umafuna chida chakechake, chida chilichonse chimadya magetsi ndi kutentha, ndipo chimamva liwiro ndi kalembedwe komwe chinapangidwira basi. Kwa ife amene timadziwa kuthimathima kwa magetsi, zimenezi zikutanthauza mabatire, majenereta, dizilo ndi makina oziziritsira chipinda. N'chifukwa chake asayansi anafunsa kuti: kodi kuwala sikungasinthe kuwala kunzake, magetsi osalowererapo?

Galasi likapanikizika

Apa ndi pomwe pagona phunziro lonse, ndiye tiyende pang'onopang'ono.

Kuwala kukamadutsa m'galasi, kumagwedeza ma elekitironi a m'maatomu a galasilo, ndipo ma elekitironiwo pogwedezeka amatulutsanso kuwala. Kuwala kukakhala kofooka, amatsatira bwinobwino: mukachulukitsa kuwala kawiri, nawonso amagwedezeka kawiri, pa liwiro lomwelo. Mtundu womwe walowa ndi womwe umatuluka, ndipo mitundu iwiri imadutsana osadziwana. Khalidwe ili amati linear.

Kuwala kukakula mopitirira, ma elekitironi amalephera kutsatira ndendende. Mwamvapo sipika ya pa siteji tsiku la msika, mnyamata wogulitsa nyimbo atakweza voliyumu mpaka kumapeto. Pepala la sipika limafika pomwe silingapitenso patsogolo, ndipo mumayamba kumva kusasa ndi kunzerera komwe m'nyimbomo mulibe. Gitala ndi mawu a woyimba zimayamba kudetsana. Mawu achilendowo sanajambulidwe ndi aliyense. Abadwira mu sipika momwemo chifukwa chopanikizika. Galasi limachita chimodzimodzi ndi kuwala kwamphamvu: limabereka mitundu yomwe simunailowetse. Khalidwe ili amati nonlinear.

Mwina mukuti, kodi kalaser kakang'ono kangapanikize galasi? Tiwerengetsere. Malo omwe kuwala kumadutsa m'kamtima ka ulusi ndi pafupifupi masikweya maikoromita 80. Tilowetsemo kuwala kwa 0.1 watt, komwe sikufika n'komwe pa mphamvu ya tochi yabwino. Tikagawa 0.1 ndi malo amenewo, tipeza mawatt 1,250,000,000 pa sikweya mita. Dzuwa la masana a mu Okutobala m'chigwa cha Bwanje muno, lija lothamangitsa ndi mbuzi zomwe kukabisala pansi pa ngolo, limapereka mawatt pafupifupi 1,000 pa sikweya mita. Ndiye kuti m'kamtima muja kuwala n'kothinana kuposa dzuwa limenelo koposa kamiliyoni. Onjezani kuti kuwalako kumakhala kothinana chomwecho kwa makilomita ambiri. Galasi palokha silipanikizika msanga, koma kuthinana ndi mtunda zikaphatikizana, zotsatira zake zimaoneka.

Zoti kuwala kungabereke mtundu wina zinaoneka koyamba mu 1961, chaka chimodzi Theodore Maiman atapanga laser yoyamba. Peter Franken ndi anzake ku yunivesite ya Michigan anawalitsa laser yofiira ya mananomita 694 pa mwala wa quartz, ndipo kunatuluka kuwala kwa mananomita 347, theka lenileni. Kunali kofooka kwambiri moti pa chithunzi chawo kunangooneka ngati kadontho, ndipo osindikiza magazini ya Physical Review Letters anakafufuta poganiza kuti ndi litsiro. Chithunzi chinatuluka ndi muvi wolozera pamalo opanda kanthu.

Masiku ano zomwezo zimachitika m'kalaser kobiriwira kolozera pa bolodi. Nthawi zambiri m'kati mwake mulibe gwero la kuwala kobiriwira. Muli kadiode kotulutsa mananomita 808, komwe kamadyetsa kamwala kotulutsa 1,064, ndipo kamwala kachiwiri kamadula funde limenelo pakati kukhala 532. Chobiriwira chija ndi 532.

Njira yoyamba: four-wave mixing

Galasi la faiba silichita bwino zodula funde pakati ngati quartz, chifukwa maatomu ake sanandandalike mwadongosolo. Lili ndi khalidwe lina: kuwala kwamphamvu kumasintha pang'ono liwiro lomwe kuwala kumayendera m'galasimo. Izi zimatchedwa ndi dzina la John Kerr wa ku Scotland, yemwe mu 1875 anaona kuti mphamvu ya magetsi imasintha mmene galasi limadutsitsira kuwala. Roger Stolen ndi anzake ku Bell Labs ndiwo anayeza zimenezi m'faiba m'zaka za m'ma 1970.

Kachitidwe ka four-wave mixing n'kotere. Mumatenga kuwala konyamula uthenga, kotchedwa signal. Mumakuphatikiza ndi kuwala kwina kwamphamvu, kosanyamula kanthu, kotchedwa pump. Mumalowetsa zonse m'faiba yapadera ya kamtima kakang'ono kwambiri, yotalika mamita mazana angapo, yokulungidwa pa kagudumu. Kumapeto kumatuluka mitundu itatu: pump, signal, ndi watsopano wotchedwa idler. Lembani lamulo lake:

idler = (2 × pump) − signal

Tibwerere ku Balaka. Signal ili pa 193.1 ndipo tikufuna 193.7. Pump tiyiika pakati penipeni, pa 193.4. Kawiri ka 193.4 ndi 386.8; kuchotsapo 193.1 kutsala 193.7. Sefa imataya pump ndi signal yakale, idler n'kupitirira ulendo wa ku Blantyre.

Lamuloli silinagwe kumwamba. Kuwala kumayenda m'timagawo totchedwa mafotoni, ndipo mphamvu ya fotoni imayenderana ndi THz yake. Mafotoni awiri a pump amafa, m'malo mwake n'kubadwa mmodzi wa signal ndi mmodzi wa idler. Mphamvu siitayika, choncho pump kuphatikiza pump ziyenera kufanana ndi signal kuphatikiza idler. Mafunde anayi amenewa ndiwo anapatsa njirayi dzina. Nanga uthenga umasamuka bwanji? Idler amabadwa pokhapokha signal ikakhalapo. Signal ikayaka, idler amayaka, ikazima, amazima. Ma elekitironi amayankha mofulumira kwambiri, m'kanthawi kochepera kutali gawo limodzi la magawo 1,000,000,000,000 a sekondi, choncho palibe uthenga wa masiku ano womwe ungawathamange.

Pali chofunika china chomwe ophunzira ambiri amachidumpha. M'galasi, mitundu yosiyana imayenda pa liwiro losiyana pang'ono. Akatswiri amati dispersion. Idler wobadwa pa mita yoyamba ayenera kugwirizana kayendedwe ndi idler wobadwa pa mita ya 100; akasemphana, chokwera cha funde lina chimakumana ndi chotsika cha linzake, n'kufafanizana. Ndiye pump iyenera kuikidwa pafupi ndi pomwe faibayo ilibe dispersion, kuti mafunde onse anayi aziyendera limodzi. Popanda ichi, ngakhale mukweze pump chotani, chotuluka chimakhala chochepa.

Chosangalatsa ndi choti makampani anakumana ndi four-wave mixing ngati mdani asanaiganizire ngati chida. Faiba ya masiku onse, ya muyeso wa G.652, ili ndi dispersion yambiri pa 1,550, yomwe imamwaza uthenga pa mtunda wautali. Anthu anapanga ina, G.653, yopanda dispersion pamenepo, ndipo dziko la Japan linayala yambiri. Inali yabwino pa mtundu umodzi. WDM itabwera m'ma 1990, mitundu yambiri itayamba kuyendera limodzi m'faiba yopanda dispersion, inayamba kuberekana yokha, ana ake n'kumagwera pa mitundu ya eni ake. Mankhwala ake anali kupanga faiba ina, G.655, yosiyidwa dala ndi dispersion yochepa. Chomwe ankachithawa m'chingwe chachitali ndi chomwe timachifuna m'kagudumu ka pa mphambano.

Ubwino wa njira ya four-wave mixing ndi waukulu. Siisankha liwiro. Imasunga kalembedwe konse ka funde, osati kuyaka ndi kuzima kokha, zomwe n'zofunika chifukwa zida za 100 gigabit kupita m'tsogolo zimalemba uthenga m'kapendekedwe ka funde. Pump imodzi ikhoza kusamutsa mitundu ingapo nthawi imodzi. Komanso idler amatuluka wotembenuzidwa, kotero kuti mukasinthira pakati pa ulendo, kumwazika komwe kunachitika m'theka loyamba kumabwezeka m'theka lachiwiri. Zovuta zake: pump imafuna mphamvu yambiri ndipo phokoso lake limalowa mwa idler, signal ndi pump ziyenera kugwedezekera mbali imodzi, pamene kuwala kochokera kutali kumafika kutapotokera mbali iliyonse, ndiponso simungasankhe mtundu wotuluka mwaufulu wonse, poti pump yamangiriridwa pafupi ndi malo opanda dispersion.

Njira zina mwachidule

Yachiwiri imagwiritsa ntchito kachipangizo kowonjezera kuwala kotchedwa SOA, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Mumalowetsamo signal pamodzi ndi kuwala kosalembedwa kwa mtundu womwe mukufuna. Signal ikayaka imadya mphamvu ya kachipangizoko, kuwala kwinako n'kufooka. Ikazima, kwinako kumakwera. Uthenga wasamuka, koma chadodolido: pomwe panali 1 pali 0. Njirayi, cross-gain modulation, ndi yosavuta, koma imangomva kuyaka ndi kuzima, ndipo kachipangizoko kamafuna kanthawi kuti kabwerere mwakale. Mlongo wake, cross-phase modulation, amagawa kuwala kosalembedwako m'njira ziwiri, signal n'kuchedwetsa njira imodzi, kotero kuti pokumananso ziwirizo zimathandizana kapena kufafanizana. Uthenga wake umatuluka woyera kuposa woyamba uja.

Yachitatu imabwerera kwa Franken. Mwala wa lithium niobate, wokonzedwa m'timizere tosinthanasinthana kuti mafunde asasemphane, umadula pump ya 1,550 kukhala 775, kenaka umachotsa signal pa 775 imeneyo. Masamu ake amathera pa lamulo lomwe mwalemba lija, koma m'chida cha masentimita ochepa, chopanda phokoso lambiri. Chimafuna kusungidwa pa kutentha kosasinthasintha.

Palinso kusamuka kwa mphamvu komwe C. V. Raman wa ku India anatulukira mu 1928, komwe kunam'patsa mphoto ya Nobel mu 1930. M'faiba, kuwala kwamphamvu kumapereka mphamvu yake ku mtundu wotsika ndi pafupifupi 13 THz. Pump ya mananomita 1,450 imadyetsa signal ya 1,550. Izi sizisamutsa uthenga, zimangouwonjezera mphamvu, koma mwa njira za nonlinear zomwe tatchula ndi zomwe zimagulitsidwa kwambiri ndi kugwira ntchito m'zingwe zazitali.

Nanga bwanji sizinafale?

Ndikuuzeni zoona zake, kuti musadzapite kukafunsira ntchito muli ndi chithunzi cholakwika. Kusintha mtundu ndi kuwala kokhakokha kwafufuzidwa kwa zaka zoposa 30, ndipo m'malabu kumagwira ntchito mochititsa kaso. Koma pa mphambano za makampani, ku Malawi kuno ngakhale ku London, chomwe mukachipeze ndi transponder. Zifukwa zake ndi za ndalama kuposa za sayansi. Zida za magetsi zinatsika mtengo ndi kuchepa msinkhu. Malaser a masiku ano amatha kuuzidwa mtundu woti atulutse, choncho kompyuta imasankhiratu mtundu womwe uli wopanda mwini njira yonse uthenga usananyamuke. Ndipo transponder imatsuka uthenga ndi kuuza woyang'anira kuti zolakwika zachuluka pati, zomwe four-wave mixing siichita. Iyo imasamutsa uthenga ndi zinyalala zake zomwe.

Kwa dziko ngati lathu, la mphambano zochepa, vuto la ku Balaka lija silichitika kawirikawiri. Chomwe chimadula intaneti kuno ndi khasu la makina okonza msewu, madzi osefukira, ndi akuba odula chingwe poganiza kuti muli kopa. Ine ndimaona kuti ndalama yogulira chida chapamwamba chosinthira mtundu ingapindule kwambiri itayala njira yachiwiri, kuti chingwe china chikaduka uthenga uzungulire kwina.

Komabe amisiri onse a faiba amakumana ndi phunziro la lero tsiku ndi tsiku, kumbali yake yoipa. Munthu wosadziwa akaona uthenga ukufika wofooka amaganiza zokweza mphamvu ya laser. Pofika pena, kukweza kumawonjezera zolakwika m'malo mozichepetsa, chifukwa mitundu yayamba kudetsana. N'chifukwa chake pa zingwe zazitali mtundu uliwonse umalowetsedwa ndi mphamvu ya pafupifupi 0.001 watt yokha, ndipo mmisiri amayenda ndi mita yoyezera mphamvu ya kuwala m'chikwama.

Ntchito yokachitira kunyumba

Funso loyamba: pump ili pa 193.5 THz, ndipo masignal atatu ali pa 193.1, 193.2 ndi 193.3. Pezani maidler onse atatu, muwajambule pa mzere wa manambala pamodzi ndi pump ndi masignal. Yang'anitsitsani ndondomeko yomwe atulukira, mufotokoze chomwe chachitika.

Funso lachiwiri: palibe pump, koma mitundu itatu yomweyo ikuyenda m'faiba ya G.653 ndi mphamvu yambiri, ndiye uliwonse ukhoza kukhala pump kwa unzake. Gwiritsani ntchito lamulo lathu pa awiriawiri onse, muone kuti ndi ana angati omwe akugwera pa mtundu wa mwini wake. Kenaka sunthani mtundu umodzi wokha, osachoka pa masitepe a 0.1 THz, mpaka pasakhale mwana wogwera pa mnzake. Mubwere ndi masamu onse olembedwa, osati yankho lokha.